Kalata yotseguka kwa oyang'anira zoyeza magalimoto: galimoto yosinthidwa ipimidwe ndi chida

Olemekezeka akuluakulu okonza malamulo a pamsewu, ndi inu mabwana ndi madona oyang'anira malo oyezera magalimoto,

Takulemberanife ndife amakaniko, owotcherera, amagetsi a galimoto ndi eni magalimoto amene galimoto kwa iwo si chongokwera basi. Ndife aja timasintha malimu, kutsitsa galimoto kapena kuikweza, kuikamo injini ina, kapena kudzutsa galimoto yakale imene yagona pa njerwa zaka khumi. Pempho lathu ndi limodzi: lembani momveka bwino zimene munthu angasinthe pa galimoto yake, muikepo manambala, ndipo woyeza azipima ndi chida. M'malo ambiri galimoto yosinthidwa imaweruzidwa ndi diso ndi khutu. Yolira mokweza kapena ya penti yonyezimira imabwezedwa, pamene inzake yooneka yofatsa, ya matayala a zaka khumi ndi airbag yozulidwa kalekale, imalandira chiphaso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sitibisa, nyerere zina zili m'magalimoto a anzathu omwe, ndipo tikufuna tikulozereni pamene zimabisala.

Tiyambe ndi tayala, poti ndi lokhalo limene limaponda pansi. Zonse zimene woyeza akufuna zinalembedwa kale m'mbali mwake. Titenge 205/55 R16 91V. Nambala 205 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. 55 ikunena kuti khoma la m'mbali ndi lalitali 55 peresenti ya kutambalalako, ndiye mamilimita pafupifupi 113, ndipo 16 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. 91 ikutanthauza kuti tayala limodzi linyamula makilogalamu 615, V kuti lipirira liwiro la makilomita 240 pa ola. H ndi 210, T ndi 190. Zizindikiro ziwiri zomalizazi ndi zimene ogula saziyang'ana, chonsecho ndi zomwe zimaphulitsa tayala galimoto ikalemedwa tsiku lotentha. Lamulo linene poyera kuti nambala ya katundu isachepere imene wopanga galimoto anatchula m'buku lake.

Limu lalikulu palokha si mlandu. Nkhani ili pa msinkhu wa gudumu lonse. Tayala la 205/55 R16 pamodzi ndi limu lake ndi mamilimita 632. Munthu akaika 225/40 R18, gudumu limakhala mamilimita 637, kusiyana kosakwana 1 peresenti, galimoto sidziwa n'komwe kuti china chasintha. Koma akaika 225/50 R18, gudumu limafika mamilimita 682, lakula ndi 8 peresenti. Pamenepo sipidomita ikamati 100 galimoto ili pa 108, mabuleki akulimbana ndi gudumu lalitali kuposa limene anapangidwira, ndipo mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto tayala limakhula paipi ya buleki kapena mkombero wa madigadi. Ogulitsa matayala odziwa ntchito yawo salola kusiyana kopitirira 3 peresenti. Ikani nambala imeneyo m'buku la woyeza, mumupatse tepi yopimira.

Pali kachitidwe kena kamene ife tomwe tikukupemphani mukaletse, kokokera tayala lopapatiza pa limu lotambalala kuti khoma lipendekere m'kati. Tayala la 205/55 linapangidwira limu la mainchesi 5.5 mpaka 7.5. Likakakamizidwa pa limu la mainchesi 9, mlomo wake sukhala bwino, ndipo likagunda dzenje mpweya wonse umatuluka nthawi imodzi. Nanga zaka? Pafupi ndi zilembo za DOT pali manambala anayi. Mukaona 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala limauma ngakhale lisakuyenda, ndipo okonda magalimoto ndi amene amakodwa kwambiri pamenepa, chifukwa galimoto yotuluka mwa apo ndi apo imakhala ndi mizere yakuya bwinobwino pamene m'mbali mwadzaza timing'alu. Opanga matayala ambiri amati likakwana zaka khumi lichoke, kaya mizere ikuoneka motani. Mizereyo nayonso isachepere mamilimita 1.6, ndipo timapiri ta m'ngalande zake tinaikidwira kuonetsa malire omwewo.

Ngozi yaikulu ya malimu ili pa mabawuti. Limu lililonse lili ndi kayalidwe kake ka mabowo, kolembedwa ndi chiwerengero cha mabowo ndi kukula kwa bwalo lawo m'mamilimita: 4x100, 5x112, 5x114.3, 5x120 ndi ena. La 5x112 ndi la 5x114.3 amasiyana pang'ono kwambiri moti limu limalowa ndithu, manati n'kumangika, koma bawuti lililonse limakhala likupindikira mbali, ndipo tsiku lina limathyoka osachenjeza. Kenako pali pokhalira nati. Malimu ena amafuna nati ya mutu wosongoka, ena ya mutu wobulungira. Mukasokoneza, natiyo imangogwira ndi kamzere kochepa n'kumamasuka yokha m'njira. Ndiye palinso zitsulo zoika pakati pa limu ndi habu kuti gudumu litulukire kunja, zija timati spacer. Spacer ya mamilimita 10 pa mabawuti akale yadya mamilimita 10 a mazinga. Bawuti la M12x1.5 liyenera kulowa mu nati mamilimita osachepera 12, ndiye kuzungulira kasanu n'katatu. Woyeza amasule nati imodzi akuwerenga, ndi ntchito ya mphindi imodzi. Ikachoka atazunguliza kanayi kokha, gudumulo likuyendera mwayi. Pomanga, magalimoto ang'onoang'ono ambiri amafuna pakati pa 100 ndi 120 Nm pa sipanala yopimira mphamvu. Zodumphira pa sipanala ndi phazi zija zimakoka bawuti mpaka kutanuka, ndipo bawuti lotanuka silibwereranso.

Pa kutsitsa galimoto m'pamene diso limanamizika kwambiri. Magalimoto awiri angatsike mofanana, ina yabwinobwino, inayo msampha. Yoyambayo yaikidwa masipuling'i opangidwira kutsitsa, afupi koma olimba, ndi ma shock absorber ogwirizana nawo. Yachiwiriyo mwini wake wadula sipuling'i ndi gilayinda, kapena choipa kuposa apo, waiwamba ndi moto wa gasi mpaka yakhala pansi. Moto umapha kukhwima kwa chitsulo, sipuling'i imapitiriza kufupika, mapeto ake n'kuthyoka. Yodulayo imataya nsonga yake imene imakhazikika m'mbale, ndipo gudumu likalendewera, monga galimoto ikadumpha chitunda, sipuling'i imachoka pamalo pake n'kukabaya tayala. Kuzisiyanitsa sikuvuta. Kwezani galimoto ndi jeke mpaka gudumu lilendewere, mugwedeze sipuling'i ndi dzanja. Ikagwedera, galimoto yalephera. Kenako itsitseni muone mpata umene watsala shock isanagunde kalabala koletsa kugunda. Ngati galimoto yakhalira kale pa kalabalako, ndiye kuti masipuling'i sakugwiranso ntchito, ndipo pokhota pa msewu wokumbika tayala limangodumphadumpha osagwira pansi. Ku Australia lamulo limati pansi pa galimoto pakhale mpata wosachepera mamilimita 100. Nambala yotereyi munthu amaidziwa asanagule chilichonse, mkangano sukhalapo.

Okweza magalimoto a 4x4 nawonso ali ndi zawo. Mapaipi a labala a mabuleki amasanduka afupi, moti gudumu likatsika mpaka kumapeto paipi imakungika ngati nsinga ya uta. Mapikapu ambiri akale ali ndi valavu kumbuyo yolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo, imene imawonjezera buleki ya kumbuyo galimoto ikasenza katundu. Mukakweza bodi osasintha kandodoko, valavu imayesa kuti galimoto ilibe kanthu nthawi zonse, buleki ya kumbuyo n'kufooka. Mukatsitsa, imayesa kuti yadzaza, magudumu a kumbuyo amangoti gwa osazungulira a kutsogolo asanagwire, galimoto n'kutembenuka.

Mabuleki sapimidwa poponda pedulo galimoto ili chiimire, kapena poithamangitsa pabwalo n'kumvetsera ngati matayala alira. Pamafunika makina a zogudubuza amene amaonetsa mphamvu ya gudumu lililonse palokha. M'malamulo a ku Ulaya, magudumu awiri a pa ekiselo imodzi akasiyana mphamvu kupitirira 30 peresenti galimoto yalephera, chifukwa yotereyo pa buleki ya dzidzidzi imakokera mbali imodzi. Pa disiki pamadindidwa MIN TH ndi nambala, kumene ndi kupyapyala komaliza kololedwa. Pimani ndi micrometer, kachida kopimira kunenepa kwa chitsulo. Ndipo musatengeke ndi kufiira kwa caliper, chitsulo chija chopana disiki. Ena amangovindikira yakale ndi chipulasitiki cholembedwa dzina lotchuka, chimene sichiwonjezera kanthu koma kutsekereza kutentha. Wina amaika caliper yeniyeni yaikulu, master cylinder, pampu ya mafuta a mabuleki, n'kusiya yakale. Mafuta ofunika kukankha achuluka pomwe pampu ndi yomwe ija, ndiye pedulo imatsika kutali isanayambe kugwira.

Mafuta a mabuleki ndiwo amaiwalidwa ndi aliyense, woyeza ndi mwini galimoto yemwe. A DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1 amayamwa chinyezi cha mumpweya. A DOT 4 atsopano sawira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi okwana 3.7 peresenti malire ake amatsika kufika 155. A DOT 3 amachoka pa 205 kufika 140. Potsika phiri lalitali caliper imatentha, mafuta amawira, nthunzi imadzaza m'paipi, ndipo nthunzi imafinyika, pedulo n'kungolowa mpaka pansi ngati mwaponda thonje. Galimoto ikazizira buleki imabwerera, ndiye amene afika pangozi pambuyo pake amapeza mabuleki akugwira n'kuyamba kunena kuti dalaivala anagona. Kachida kopimira madzi m'mafutawa ndi kakang'ono ngati cholembera. Mafuta asinthidwe zaka ziwiri zilizonse. A DOT 5 ndi mtundu wina, wa silicone. Sasakanizidwa ndi enawo ndipo sayenera galimoto ya ABS, makina aja oletsa magudumu kungoti gwa pa buleki, ngakhale nambala yake ikuchita ngati ndi m'bale wa 5.1.

Pa nyali anthu amatida, ndipo akunena zoona. Nyali ya halogen inapangidwa kuti kuwala kuchokere pa kawaya kakang'ono ka m'babu, pamalo amodzi enieni, ndipo chonyezimira cha kumbuyo chimakuponya pamsewu ndi mzere wodula pamwamba. Mukachotsa babu la H4 n'kuikamo la HID kapena la LED losagwirizana ndi nyaliyo, kuwala kumachokera pena, mzere uja umasowa, kuwala n'kumwazikira m'maso mwa amene akuchokera kutsogolo. Mwini wake amayesa zawala chifukwa pafupi ndi bampala pali mbee, koma patali sakuona kuposa kale. N'chifukwa chake malamulo a ku Ulaya amafuna kuti nyali za HID zopitirira ma lumen 2000 zikhale ndi chotsukira galasi ndi makina odziwongolera okha galimoto ikalemedwa kumbuyo. Ngakhale popanda makina opimira nyali, khoma loyera limakwanira. Imikani galimoto pamalo osalala mamita 10 kuchokera pa khoma. Pa nyali zambiri pamalembedwa 1.0% kapena 1.2%. Ngati ndi 1.0%, mzere wa kuwala ugwe masentimita 10 pansi pa msinkhu wa pakati pa nyali. Mzere ukapanda kuoneka n'komwe, musataye nthawi ndi kuwongola, babulo si la nyaliyo.

Babu la 55 W limakoka ma ampere 4.6 pa magetsi a 12 V. La 100 W limakoka oposa 8. Waya, swichi ndi soketi sizinapangidwire zimenezo, zimatentha n'kusungunuka. Fyuzi ikapsa wina amaika yaikulu, wina amangokulungapo waya. Chimodzimodzi chingwe chonenepa chochokera ku batire kupita ku amplifier kumbuyo. Fyuzi yake ikhale pafupi ndi batire, osati pafupi ndi amplifier, ndipo podutsa pabowo la chitsulo chivekedwe labala. Chikasupuka n'kukhudza bodi, chimafiira ngati waya wa mbaula yamagetsi pansi pa kapeti, popanda chochidula.

Chiwongolero chaching'ono cha mpikisano chimakoma m'manja, koma chimabwera ndi kuzula airbag. Kuti nyali ya SRS ya pa dashibodi, yochenjeza za airbag, isayake, ena amalumikiza ka resistor ka ma ohm awiri kapena atatu, kompyuta n'kumayesa kuti airbag ilipo. Ena amangozula babu la pa dashibodi kapena kulimata tepi yakuda. Woyeza atsegule kiyi osaliza injini. Nyali za SRS, ABS ndi injini ziyake zonse. Ziwiri zoyambazo zizime patapita masekondi ochepa, ya injini izime injini ikalira. Nyali yosayaka n'komwe ndi yokayikitsa kuposa yoyaka osazima. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti lamba wa m'magalimoto ambiri a airbag anapangidwa kuti pangozi alolere pang'ono, nthiti zisathyoke, podalira kuti airbag ilandira thupi. Airbag ikachoka, cholandira nkhope ndi chiwongolero.

Mufunsenso za ma airbag a Takata. Kampaniyi inkagwiritsa ntchito ammonium nitrate pofufumitsa airbag. Mankhwalawa amawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi pakapita zaka, ndipo pophulika amang'amba chitini chake n'kuponyera zidutswa za chitsulo kumaso ndi pakhosi. Ku United States kokha ma airbag pafupifupi 67 miliyoni anaitanidwa kuti akasinthidwe, ndipo kampaniyo inagwa mu 2017. Magalimoto ambiri a Honda, Toyota, Nissan, Subaru ndi BMW a zaka za m'ma 2000, omwe okonda magalimoto akuwasaka lero, anali m'gulu limeneli. Woyeza alembe nambala ya chasisi pa tsamba la pa intaneti la wopanga galimotoyo aone ngati inakonzedwa.

Malamba a mpikisano a zingwe zinayi amaoneka ngati chitetezo chowonjezera, koma zimadalira pamene amangidwa. Zingwe za pamapewa zimangidwe kumbuyo kwa mapewa, pafupifupi pa msinkhu womwewo. Zikamangidwa pansi kuseri kwa mpando, pangozi zimapsinja msana kuchokera pamwamba. Popanda chingwe cha pakati pa miyendo, thupi limatsetsereka pansi pa lamba wa m'chiuno, lambayo n'kulowa m'mimba. Khola la mapaipi lija timati roll cage linapangidwira munthu wovala chisoti cholimba. Pamsewu wamba mutu umakagunda paipi. Lamba wa masiku onse wodutsa pachifuwa ndi m'chiuno, amene Nils Bohlin anapangira Volvo mu 1959, asachotsedwe m'galimoto yoyenda pamsewu.

Za phokoso la ekizozi sitikangana nanu. Tulo ta anthu n'tofunika kuposa kukoma kwa kulira kwa injini. Koma khutu la woyeza si chida, lero latopa, mawa lakondwa. Njira yopimira ilipo kale, ya ISO 5130: maikolofoni imaikidwa theka la mita kuchokera pa mlomo wa ekizozi, chammbali pa madigiri 45, injini n'kuikweza kufika pa liwiro lotchulidwa. Tchulani ma decibel ololedwa, mugule mita. Wopitirira akabwezeretse sayilensa, wosapitirira apite ndi mtendere.

Chimene khutu silimva ndi catalytic converter, chitini cha pa ekizozi choyeretsa utsi, ikakolokotedwa m'kati. Kunja chitini chili bwinobwino, koma chisa chija cha platinum, palladium ndi rhodium anachigumula ndi ntchonyo ya chitsulo. Carbon monoxide, mpweya wa poizoni wa mu utsi, saoneka ndipo sanunkha, koma makina opimira utsi amamugwira nthawi yomweyo, pamodzi ndi lambda, nambala yoonetsa kasakanikiridwe ka mpweya ndi petulo, imene pa injini ya petulo yabwino imakhala pakati pa 0.97 ndi 1.03. Pansi pa dashibodi pali soketi ya OBD ya mabowo 16 yowerengera kompyuta ya galimoto, imene magalimoto ogulitsidwa ku United States akhala nayo kuyambira 1996 ndipo a petulo a ku Ulaya kuyambira 2001. Musangoyang'ana ngati kompyuta yasunga zolakwika, chifukwa aliyense angazifufute ndi foni ali pageti panu pomwepo. Yang'anani ngati yamaliza kudziyesa, zija amati readiness monitors. Munthu akangofufuta kumene, zambiri zimaonetsa kuti sizinamalize. Galimoto yotero ipite ikayende masiku angapo, ibwerenso.

Tinti ndi nkhani yaifupi. Ku Britain galasi la kutsogolo liyenera kulowetsa kuwala kosachepera 75 peresenti, a m'mbali mwa dalaivala 70. Galasi la kufakitale limadya kale kuwala kwina, moti ngakhale pepala looneka lopepuka limatha kupyola malire. Kamita kake kamangopanikizidwa pa galasi n'kupereka nambala.

Kuika injini ina, turbo, kapena kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini musakuletse, mukuyeze. Kodi mabuleki akukwanira mphamvu ndi kulemera kwatsopanoko? Zogwirira injini zawotcheredwa pa chitsulo chonyamula, kapena pa lata lopyapyala limene ling'ambika miyezi isanathe? Nanga mapaipi a petulo? Injini ya kabuleta imalandira petulo pa mphamvu ya pafupifupi 0.3 bar, ya ma injector pafupifupi 3 bar, kuwirikiza kakhumi. Paipi yakale imafufuma n'kuphulikira pa manifold yotentha, mapaipi aja otulutsa utsi mu injini. Yoyenera imalembedwa SAE J30 R9 m'mbali mwake, woyeza angowerenga. Zikakhala bwino, nambala ya injini yatsopano ilembedwe m'mapepala mosavuta, munthu wolungama asamayende ndi mantha ngati wakuba.

Zonsezi si maloto ayi, maiko ena anazichita kale. Ku Germany chipangizo chosinthira galimoto chimagulitsidwa ndi pepala lake. Likakhala la ABE, nthawi zambiri mwini amangoyenda nalo m'galimoto. Likakhala Teilegutachten, amapita kwa woyeza wa TÜV kapena DEKRA amene amaona ngati chaikidwa bwino, kusinthako n'kulembedwa m'mapepala a galimoto. Wapolisi pamsewu amangoyerekeza pepala ndi galimoto. Ku New Zealand magulu a okonda magalimoto eniake ndiwo anakhazikitsa bungwe la LVVTA mu 1992 n'kugwirizana ndi boma pa malamulo. Galimoto yosinthidwa kwambiri imayezedwa ndi katswiri wovomerezeka, n'kukhomedwa chizindikiro chonena zonse zimene zasintha. Ife tikupempha magulu atatu: zosafuna chilolezo, monga penti, wailesi ndi malimu a m'malire a 3 peresenti, zofuna kuyezedwa ndi kulembedwa, monga masipuling'i, mabuleki, injini ndi mipando, ndi zoletsedweratu, monga kudula masipuling'i, kuwotcherera zitsulo za chiwongolero ndi kuzula airbag. Khomo lolowera likasowa, anthu saleka kusintha. Amabwezeretsa zakale usiku woti mawa akayezetsa, madzulo ake n'kuzichotsanso.

Galimoto yakale iyezedwe ndi malamulo a nthawi yake. Volkswagen Beetle ya 1965, Peugeot 404 kapena Land Rover ya Series musaifunse ABS ndi catalytic converter zimene sinabadwe nazo. Germany inayamba mu 1997 kupereka nambala yothera ndi H kwa magalimoto a zaka 30 osamalidwa bwino, koma amayezedwabe. Britain mu 2018 inamasula magalimoto ambiri a zaka zoposa 40 ku kuyeza kwa MOT, ndipo ife tikuti pamenepo anaphonya. Mwini angaikonde galimoto yake motani, pansi pake sagonapo tsiku lililonse, ndipo dzimbiri limadya kuchokera m'kati. Gogodani ndi kahamala chitsulo chonse cha m'masentimita 30 kuzungulira pamene pagwira masipuling'i, chiwongolero ndi malamba. Chitsulo chabwino chimalira, chovunda chimangoti phuphu. Pamene pamatidwa phala lobisira mabowo, maginito sagwira. Magalimoto ambiri opangidwa chisanafike chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki, moti paipi imodzi ikabooka magudumu onse anayi ataya buleki. Mwini amene waika master cylinder ya njira ziwiri, madisiki kutsogolo ndi malamba musamulange kuti wasintha galimoto.

Tatsala ndi liwiro. Mtunda woimira umakula ndi liwiro kuchulukitsa ndi liwiro lomwelo. Galimoto imene imaima pa mamita 50 ikakhala pa 100, ikakhala pa 160 imafuna mamita 128, osawerengera mamita 44 amene imadutsa m'sekondi imodzi dalaivala asanaponde n'komwe. Palibe limu kapena caliper yosintha masamu amenewa pamsewu wodutsa ana, choncho opikisana pamsewu wa anthu onse sitiwaikira kumbuyo. Koma chilakolako cha liwiro sichitha ndi chindapusa chokha. Wally Parks anayambitsa bungwe la mipikisano ya magalimoto la NHRA ku California mu 1951 pofuna kuchotsa achinyamata opikisana m'misewu kuti azikapikisana pamalo otchingidwa. Malo opikisanirako a Santa Pod ku England anatsegulidwa mu 1966 pa bwalo lakale la ndege za nkhondo. Ku Nürburgring ku Germany, pa njira ya Nordschleife ya makilomita pafupifupi 21, munthu wamba amaloledwa kulowa ndi galimoto yake pa masiku oikika.

Tsegulani njira yoti magulu olembetsa azibwereka bwalo la ndege losagwira ntchito kapena malo ena otchingika, muikepo zofunika zokhwima. Ambulansi ndi zozimitsira moto zikhalepo galimoto yoyamba isananyamuke. Oonerera akhale kuseri kwa chotchinga cholimba, osati kunja kwa kona kapena kumapeto kwa njira kumene galimoto yolephera kuima imathera. Woyendetsa aliyense avale chisoti. Galimoto iliyonse iyezedwe m'mawa womwewo: batire lomangidwa ndi chitsulo, manati opimidwa, mafuta a mabuleki atsopano, popanda chodontha pansi, popanda chinthu chogubuduka m'kati chimene chingakalowe pansi pa pedulo.

Mukatiitana tibwera, ndipo sitibwera chimanjamanja. Tidzanyamula sipuling'i yodula ndi yoyenera, bawuti lothyoka chifukwa cha spacer, chitini cha ekizozi chokolokotedwa ndi nyali ziwiri zowalitsira pa khoma, kuti oyeza anu azigwire ndi manja awo, tikhale pansi tilembere limodzi manambala a m'buku lawo.

Ndife anu,
Amakaniko, owotcherera, amagetsi ndi eni magalimoto okonda ntchitoyi